Njovu ikakana kudzuka: malangizo kwa katswiri wa ku Mdeka

Mdeka uli pa msewu wa M1, munthu akadutsa Lunzu ndi Lirangwe, asanawoloke mlatho wa Zalewa. Cha kufupi komweko, pa mtsinje wa Shire, pali Nkula, pomwe makina opukusa magetsi anayamba kuzungulira mu 1966. Koma magetsi alibe chinansi. Akathima amathimira oyandikira ndi akutali omwe, monga zinakhalira mu 2022 namondwe Ana atagumula Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Tsono mnyamata wa kuno amene wabwerako kusukulu ya makompyuta, nalumikiza makompyuta anayi akale kuseri kwa golosale ya amalume ake kuti asungemo maakaunti pa Hadoop, tsiku lake likubwera: magetsi adzayaka, makina adzakana kudzuka. Malangizo awa ndi ake.

Ayambe wadziwa nyama imene akuweta. Hadoop inaima payokha mu 2006, ndipo Doug Cutting anaipatsa dzina la kachidole kanjovu kachikasu ka mwana wake. Nzeru yosungira mafayilo anaitola m'pepala lomwe akatswiri a Google anatulutsa mu 2003. Mbali imeneyi, HDFS, ili ngati mudzi wosunga chimanga m'nkhokwe zambiri. Fayilo imadulidwa m'zidutswa za 128 MB, chidutswa chilichonse n'kukhala m'nkhokwe zitatu, kuti anankafumbwe akalowa imodzi, ziwiri zitsale. Nkhokwezo ndiwo ma DataNode. Pamwamba pali mlembi mmodzi, NameNode, wosunga kaundula wonena kuti fayilo yakuti ili ndi zidutswa zakutizakuti. Mlembiyu alibe ngakhale njere imodzi ya chimanga, koma kaundula wake akatayika, mudzi umatsala ndi matumba opanda maina.

Makinawo akakana kudzuka, katswiri asatsegule log. Mmenemo makina amalemba okha chimene chawapweteka, ola lake ndi mzere wake, ndiye kuwerengamo n'kudzichotsera ulemu. Azimitse n'kuyatsanso kasanu, apemerere fumbi, atukwane magetsi, kenaka ayang'ane mokayikira golosale ya patsidya pa msewu, poti nsanje sisowa. Ngakhale pagalasi patalembedwa poyera kuti JAVA_HOME sinaikidwe, atembenuze nkhope. Limenelo ndi vuto lotha ndi mzere umodzi mu hadoop-env.sh, ndipo likatha m'mphindi ziwiri amalume adzayamba kufunsa kuti fizi yonse ija inali ya chiyani.

Kaundula amusiye pomwe anamupeza. Hadoop yatsopano, ngati munthu sanaiuze malo ena, imaika zonse mu /tmp, ndipo makompyuta ambiri a Linux, monga Ubuntu, amasesa /tmp akamayaka. N'chimodzimodzi kusunga ziphaso za munda kudzala, tsiku loti ana akutentha zinyalala.

Pa adiresi ya mlembi mu core-site.xml, alembe localhost m'makompyuta onse anayi. Mawuwa amatanthauza kuti “pano pomwe ndili”, motero nkhokwe iliyonse idzafuna mlembi m'nyumba mwake momwe, idzagogoda pachitseko chake chomwe mobwerezabwereza, popanda woyankha. Pamenepo katswiri anene kuti netiweki yavuta. Chiyambire pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP mu 2020, palibe Mmalawi amene amatsutsa mawu amenewa.

Mlembi akadzuka, ali ndi khalidwe lina lotopetsa lotchedwa safe mode. Iye sasunga pa disiki kuti chidutswa chakuti chili m'nkhokwe iti. Amadikira nkhokwe zibwere zidzanene zokha, ndipo salola kulemba kapena kufufuta kanthu mpaka zidutswa 99.9 pa 100 zilizonse zitadziwika komwe zili. Munthu wamba apa amayenda n'kukaona kuti ndi kompyuta iti sinayankhe, ndipo mwina amapeza kuti wina wazula pulagi kuti atchaje foni. Katswiri asayende. Alembe hdfs dfsadmin -safemode leave, mlembi atsegule ofesi anthu asanafike pabwalo.

Zonsezi zikakanika, pali mankhwala aakulu: hdfs namenode -format. Lamuloli linapangidwa kuti ligwiritsidwe ntchito kamodzi, tsiku lobadwa la mudzi, ndiye katswiri alisandutse Panado wa tsiku lililonse. Makina akafunsa ngati akutsimikizadi, adinde Y asanamalize kuwerenga funsolo. Chimene chimachitika n'chosiririka. Kaundula wakale amafufutika, mlembi amadzuka ali ngwiro, ndi nambala yatsopano ya mudzi, clusterID. Koma nkhokwe nazo zinasunga nambala yakale m'kafayilo kotchedwa VERSION. Zikafika n'kupeza nambala yachilendo, zimachita ngati mbumba yopeza munthu wosamudziwa atakhala pampando wa amfumu, woti sanalongedwe ndi aliyense: zimatembenuka n'kukagona. Mu log muja, momwe katswiri sawerenga, mwalembedwa “Incompatible clusterIDs”. Chimanga chonse chikadali m'nkhokwe panthawiyi, ngakhale palibe wodziwa kuti thumba ili n'la yani.

Apa m'pomwe ena amakumbukira Secondary NameNode, poganiza kuti ndi wachiwiri kwa mlembi amene adzatenga mpando. Dzinalo linanamiza ambiri. Ntchito yake ndi kuphatikiza buku lalikulu, fsimage, ndi timapepala ta zosintha, edits, pafupifupi ola lililonse, n'kusunga kope. Kopelo likhozadi kuukitsa kaundula wotayika. N'chifukwa chake katswiri wanzeru amaliika pa kompyuta yomweyo ya mlembi, mu /tmp momwemo, kuti zikamapita zipitire limodzi.

Chatsala n'kugonjetsa nkhokwe zoukirazo. Afufute chikwatu cha data pa kompyuta iliyonse, VERSION ndi zidutswa zomwe. Nkhokwe yopanda kanthu sikangana ndi mfumu. Akayatsanso, zonse zidzadzuka mwaulemu, lamulo la jps lidzaonetsa NameNode apa ndi DataNode apo, nkhokwe zidzayamba kupereka moni kwa mlembi masekondi atatu aliwonse, ndipo tsamba la pa port 9870 lidzaonetsa malo ochuluka osagwiritsidwa ntchito kuposa kale lonse.

Aitane amalume adzaone. “Amalume, taonani, zatheka.” Iwo sadzayang'ana manambalawo, adzafunsa za ngongole za sugar, sopo ndi mafuta ophikira zomwe anthu akhala akutenga kuyambira chaka chatha, poti buku lachikuto chofiira lija analitaya atauzidwa kuti makina saiwala. Katswiri ayankhe kuti system ili bwinobwino, zomwe ndi zoona. Pofika madzulo mbiri idzakhala itafika ku Lirangwe, ndipo angongole adzayamba kudutsanso pakhomo pa golosale masana, akupereka moni mokweza ndi kufunsa ngati mnyamata wa makompyuta uja angakathandizeko ku banki mkhonde yawo.