Ndikungofunsa Nawo, Akuluakulu

Ndiyambe ndi kudziyeretsa. Sindinatukwane munthu, sindinamenye munthu, ndipo ngongole ya tchipisi yomwe inatchulidwa pamlandu wanga ndinali nditabweza kale theka lake. Chomwe ndinachita n'kufunsa funso basi. Koma ku Ndirande kuno, funso lofunsidwa Lolemba m'mawa, timu ya eni ake italuza Lamulungu, limapweteka kuposa chibakera.

Bwalo lathu lili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pakati pa khonde la telala ndi kakontena ka mnyamata wotchaja mafoni. Pali matabwa awiri a bawo, benchi imodzi yolimba ndi ina yofunika kuikhalira mwaulemu. Thabwa lililonse lili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, osewera amakhala awiri okha, koma aphunzitsi oimirira kumbuyo sachepera khumi. Tili ndi a Tcheya, omwe anapuma ntchito ya njanji koma likhweru la sitima anatsala nalo pakhosi. Tili ndi a Mlembi, osunga kope lophimbidwa ndi pepala la simenti. Tilinso ndi a Msungichuma, omwe thumba lawo timalikhulupirira ngati mmene timakhulupirira kumwamba: tonse timaponyako, koma palibe anabwerako kudzatiuza mmene kulili.

Ine udindo wanga sunalembedwe m'kope. Ndinali woputa anthu.

Ntchitoyi ili ndi luso lake, musaiderere. Woputa weniweni sanama. Wabodza amagwidwa msanga, anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Iwe umatola choona, n'kuchisunga m'thumba ngati mwala wa legeni, kudikira mpaka mbalame itatera bwinobwino. Poponya umavala nkhope ya mwana wa kwaya, manja kumbuyo, n'kuyamba ndi mawu ofatsa akuti, "Ine ndikungofunsa nawo, akuluakulu."

Anthu akamatamanda chigoli chomwe Gabadinho Mhango anaponyera Morocco ali kutali, ku Cameroon mu 2022, ndinkadikira kuti aliyense amalize kumenya mpira wa m'malere, kenako n'kufunsa kuti, "Paja masewerawo anathera zingati?" Akakumbutsana za Flames kuswa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, ndinkapempha mwaulemu kuti wina andikumbutseko zomwe Angola ndi Mali anatichita m'masiku otsatirawo, poti ine mutu unayamba kuiwala. Timu ndinalibe. Pakachuluka Maule ndinali Noma, pakachuluka Manoma ndinali Maule, ndipo onse akakhalapo ndinkayamikira Silver Strikers ya ku Lilongwe mpaka agwirizane kudana nane. Mtendere umene uja pakati pa ofiira ndi abuluu ndinkaubweretsa ndine, koma palibe anandithokozapo.

Tsiku la tsokalo a Tcheya anabwera atavalabe chipewa chofiira, maso nawonso ofiira. Palibe ankatchula za mpira. Anthu ankakamba za mtengo wa makala ngati ali pamaliro. Ndinadikira mpaka a Tcheya atatapa nkhomo zodzadza dzanja, ali pakati powerenga, milomo ikugwedera.

"A Tcheya, ndikungofunsa nawo. Paja Bullets inayambitsidwa mu 1967 ndi osewera omwe anachoka ku Wanderers eti? Ndiye mwana akagwa chonchi, titume munthu ku Lali Lubani akauze bambo ake, kapena adzuka yekha?"

Dzanja la a Tcheya linaima m'malere. Anaiwala dzenje lomwe anafika. Mnzawo wosewera naye anati anali pachisanu, aphunzitsi akumbuyo anati pachisanu ndi chiwiri, telala anatulukira ndi sizasi m'manja kudzachitira umboni zomwe sanaone. Wina anadzuka mwamphamvu pa benchi yofuna ulemu ija, ndipo akuluakulu atatu anapezeka pansi miyendo m'mwamba. Thabwa linagudubuka. Pa nkhomo 64 tinatolapo 61. Zitatu zinalowa m'ngalande, ndipo ngalande za ku Ndirande sizibweza katundu.

Mlandu unazengedwa Lachitatu. Apa m'pomwe ndinagomera ulemu wa anthu a m'tauni muno, chifukwa palibe ananena mawu oti "choka". Tinatsegula ndi pemphero. Anandifunsa za kunyumba, za ana, ndi za mwendo wa apongozi anga. A Mlembi anawerenga mbiri yanga yonse kuchokera m'kope, ndi madeti omwe, ine osadziwa kuti zaka zonsezi ndinkalembedwa ngati nyengo. Kenako a Tcheya anakonza kukhosi.

"Achimwene, tikuthokoza kwambiri chifukwa cha nzeru zomwe mumatigawira. Zachuluka moti tikulephera kuzisenza. Ndiye komiti yaona kuti mukapume kaye masiku makumi atatu. Musaponde mumthunzi wa mango uno. Pobwera mudzatenge nkhomo zitatu ndi kireti ya zoziziritsa kukhosi."

Ndinaimika dzanja. "Zikomo a Tcheya. Ndikungofunsa nawo: mthunzi wake wam'mawa kapena wamadzulo? Poti umasuntha."

Masiku anakhala makumi anayi.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinapita nawo, koma ndinasowa pougwiritsa ntchito. Mu minibasi ya ku Limbe ndinayesa kufunsa ngati mpando wa anthu atatu unakula usiku kuti tikhalepo anayi, kondakitala n'kungoti, "Bwana, sunthani pang'ono, ndalama yanu." Kwa ometa kunali koipa kwambiri. Ndikati Maule ndi akatswiri, iye, "Zoona bwana." Ndikati Maule ndi ana a Noma, iye, "Zoonadi bwana, weramani pang'ono." Palibe chilango chowawa kwa woputa kuposa munthu wovomera zilizonse. Kuli ngati kumenya thumba la thonje.

Ndinayesanso kunyumba. Madzulo ena ndinafunsa ngati nsima ya kwa mlamu wanga imasalala chifukwa cha ufa kapena chifukwa cha dzanja. Mawa lake ndinapeza patebulo pali nsima yosalala bwino, pambali pake mbale yovundikira. Nditavundukula munalibe kanthu. Mayi a kunyumba anaima pakhomo, manja kumbuyo, nkhope ya kwaya.

"Ndikungofunsa nawo, bambo. Paja ndalama ya ndiwo munasiya pati?"

Sabata yachitatu ndinayamba kukatchajitsa foni yodzadza kale, kuti ndingoima m'malire a mthunzi. Mnyamata wapakontena ankandiuza kuti pabwalo pazizira. Anthu akusewera mwakachetechete ngati ali m'chipatala, ndipo nkhani yokhayo yomwe imawadzutsa ndi ya ine. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo. Ndinadziwa kuti andisowa.

Tsiku la 41 ndinafika nditasenza kireti, nkhomo zitatu zili m'thumba la malaya. Anandilandira ndi manja awiri. Koma pamalo panga, kumapeto kwa benchi yogwedera, panali mnyamata wachilendo, wongobwera kumene kuchokera ku Joni, nsapato zoyera ngati sanapondepo Ndirande. Anadzuka, n'kundipatsa moni atagwira chigongono. Ndinati mumtima, uyu analeredwa.

"Madala, ndamva mbiri yanu," anatero. "Ine ndikungofunsa nawo. Paja chambo cha kwanu ku Mangochi ndi makumba a m'madamu aja ndi pachibale eti? Ndiye chambo si makumba chabe omwe anapita kusukulu?"

Ndinamva mtsempha wapachipumi ukudzuka. Choipa n'chakuti mwanayo sananame, nsombazo ndi zapachibaledi. Ndinaika kireti pansi. Ndinamufotokozera za nyanja ya Malombe, za mnofu wa chambo chowotcha pamakala, za mutu wake womwe sapatsa mwana. Ndinatchula agogo anga. Ndinakuwa mpaka telala anatulukanso ndi sizasi. Mnyamatayo ankangogwedeza mutu mwaulemu, manja kumbuyo, ndipo nditapuma kuti ndikoke mpweya anati, "Ndiye sukulu yake inali ya boma kapena ya mishoni?"

"A Mlembi!" ndinakuwa. "Kope lija lili kuti? Mwana uyu akapume masiku makumi atatu!"

A Mlembi anasanthula m'matumba onse mosafulumira. "Kope lilipo, achimwene. Koma cholembera chatha inki."

A Tcheya sanadzutse n'komwe mutu. Ankatakata nkhomo zawo imodziimodzi, akuimba kalikhweru ka sitima, botolo la m'kireti yanga lili pambali.

Ndinazindikira usiku, nditagona kale, kuti mnyamata uja sindinamuuzepo kuti kwathu ndi ku Mangochi.