Chingwe Chodula Kuposa Mbuzi

Alamu,

Nkhani iyi ndaona kuti ndichite kulemba, chifukwa ndikaiyamba pa foni bando itha ndisanafike pakati, komanso mukhoza kuganiza kuti ndayamba kumwa. Ndaona ndi maso angawa munthu wamkulu, wandevu zake, akugula chingwe chomangira mbuzi pamtengo woposa mbuziyo. Ndipo amene munamuchititsa zimenezi ndinu.

Bwana wanga uja wojambula nyumba zogulitsa ali ndi droni. Inu a ku Kasungu simufunika kukufotokozerani kuti n'chiyani, paja boma ndi a UNICEF anatsegula malo oyeserera tindege timeneti pabwalo la ndege la kwanuko mu 2017. Yake ndi ya kampani ya ku China yotchedwa DJI, mtundu wake Mini 3 Pro. Ndi kanthu kakang'ono, kosakwana magalamu 250, ukakapinda miyendo kamalowa m'thumba la jekete. Mbuzi ndikunenayo ndi imeneyo. Chingwe chake ndi rimoti, yomwe umaigwira ndi manja awiri, zala zazikulu zili pa timitengo tiwiri: kakumanzere n'kokweza, kutsitsa ndi kutembenuza, kakumanja n'kopititsa kutsogolo, kumbuyo ndi cham'mbali. Ntchito yanga ndi kunyamula chikwama, kuyala kamphasa koterapo, kusintha mabatire, kenako kuima khosi lili gada n'kumakuwa ndikaona waya wa magetsi kapena nthambi. Ndiye kuti ulendo wonse uja, kudutsa Tete, kugona pamzere pa Beitbridge, ndinkadzera ubusa wa mbuzi, ntchito yomwe ndinaithawa ndili Sitandade 4.

Chingwe chimene mbuziyi inabwera nacho ndi luzi wamba, dzina lake RC-N1. Ilibe sikirini. Umakoka chopanira chili pamwamba pake, n'kupanapo foni yako, n'kulumikiza ndi kawaya kakafupi, ndipo zonse zimene droni ikuona kumwambako umaonera pa foniyo. Imagwira ntchito bwinobwino, bwana wakhala akudyera momwemo. Vuto ndi dzuwa la kuno. Mzinda uno wa Joni uli pamtunda, mamita oposa 1,700, ndipo dzuwa la masana silinyengerera. Foni ikatentha imadzidetsa yokha kuti isapse, mpaka umangoonamo nkhope yako ndi thukuta.

Ndi zimene zinachitika Lachiwiri lija. Tinali pa nyumba ina ku Fourways, ya dziwe losambiramo kuseri. Foni ya bwana inatentha, sikirini bii. Anatsitsa droni, n'kutenga foni yanga, poti anandiikiramo kale pulogalamu yake ya DJI Fly kuti izikhala yodikirira zikavuta. Mbuzi yakweranso, yaima pamwamba penipeni pa dziwe, mwini nyumba ali pakhonde ndi kapu ya khofi akuonerera. Ndiye pamene pamayenera kuoneka denga la nyumba ya eni ake panatulukira nkhope yanu, alamu. Chithunzi chanu chija cha pa WhatsApp, muli m'suti ya pa ukwati wathu, tayi atakhotera kumanzere. Bwana anatulutsa mawu a Chibunu omwe sindingawalembe m'kalata yomwe mwina ana awerenga. Anadula. Munaimbanso. Anadulanso, khutu lili psuu. Mwayi wake droni ukasiya timitengo tija imangoima pamodzi m'malere, GPS imaigwira. Ikanakhala ngati mbuzi zanu bwenzi itamwa madzi a m'dziwemo.

Masana omwewo tinali pa shopu ina ya makamera ku Randburg. Kamnyamata kandolo kukhutu kanatulutsa zingwe ziwiri n'kuziyala pagalasi. Choyamba DJI RC, ya sikirini yakeyake ya mainchesi 5.5, yopepuka, magalamu 390, batire yokhala maola 4. Foni siifunikanso, umangoyatsa basi. Ine ndinati nkhani yatha, tiyeni tilipire tizipita. Koma maso a bwana anali atagwera kale pa inayo, RC Pro, yakuda, yokhala ndi tinyanga tiwiri totambasula. Nayo sikirini ndi ya mainchesi 5.5 omwewo.

Mitengo ndinachita kuifufuza pa intaneti usiku, tulo titakana kubwera. Pamene Mini 3 Pro inkatuluka mu 2022, ku America inkagulitsidwa $669 yopanda rimoti, $759 ndi luzi lija, ndi $909 ikakhala ndi DJI RC. Pamene RC Pro payokha, yopanda droni, yopanda chilichonse, inatuluka ndi mtengo wa $1,199. Werenganinso bwino pamenepo. Mbuzi $669, chingwe $1,199. Nditasintha madolawo kukhala marandi inadutsa R20,000. Inu mutapita pamsika wa Santhe n'kugula kambuzi kamodzi, kenako n'kugulitsa ziwiri kuti mupeze chingwe chokamangira, abale sakadikira n'komwe kuti kuche, akupita nanu kwa asing'anga usiku womwewo.

Kamnyamata kaja kanali ndi pakamwa. Kanati kuwala kwa sikirini amayeza ndi zinthu zotchedwa nits: DJI RC ili nawo 700, RC Pro 1000, ndiye dzuwa la masana silingaigonjetse. Kanationetsa kabowo ka HDMI kolumikizira ku TV, kuti mwini nyumba aziona denga lake pompopompo atakhala pampando. Kanatinso mutha kuikamo mapulogalamu ena, zomwe DJI RC siilola. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Chimene kanangochinena cham'munsi n'choti RC Pro ndi yolemera, pafupifupi magalamu 680, ndipo batire yake imatha msanga kuposa yotchipayo, maola 3. Bwana ataigwira kwa kanthawi anaona kuti manja atopa, n'kugulanso lamba woikolekera. Moti pano, alamu, tikafika pa ntchito mbuzi imauluka yopanda kanthu m'khosi, chingwe chili m'khosi mwa mwini wake.

Ine ndinafunsa funso la kumudzi. Ndinati, kodi ndi rimoti yodulayi kanema azituluka wokongola kuposa kale? Kamnyamatako kanayang'ana bwana, bwana n'kuyang'ana pansi. Yankho ndi ayi. Kamera ili pamphuno pa droni, kanema amasungidwa m'kakhadi kali m'mimba mwa droni momwemo, rimoti ingokuonetsa njira. Mungamange mbuzi ndi chingwe cha silika, siinenepa. Ndinafunsanso kuti, nanga mbuzi ikafa? Paja izi zimagwa, mphepo ya mvula ya masana ikabwera kuno imabwera mwaukali. Apo ndiye ndinamva zoti Mini 4 Pro, yomwe inatuluka mu 2023, simvana ndi RC Pro. Imafuna zingwe zake zatsopano, RC 2 kapena RC-N2. Chingwe chodulachi kwenikweni anapangira ng'ombe, droni yaikulu yotchedwa Mavic 3, kambuzi kathuka anangokaloleza. Ndiye tsiku limene kadzagwe, bwana adzasankha: kugula ng'ombe kuti chingwe chisapite pachabe, kapena kupachika R20,000 pamsomali.

Za kutalika kwa chingwe ndiye musandiseketse. Kampani imati droni imeneyi ingafike makilomita 12 ikumvabe rimoti. Koma malamulo a kuno, omwe bungwe loona za ndege la SACAA linakhazikitsa mu 2015, amati uziiona ndi maso ako nthawi zonse. Usayandikire anthu, nyumba za eni kapena msewu kuchepera mamita 50 popanda chilolezo, ndipo usaulutse pasanathe makilomita 10 kuchokera pabwalo la ndege. Mabwalowo kuno ali mbali zonse: OR Tambo, Lanseria, Grand Central ku Midrand, Rand Airport ku Germiston. Ku malo osungira nyama zakutchire a Kruger salola n'komwe. Wogwiritsa ntchito droni pa malonda ngati bwanayu amafunikanso laisensi. Ndiye chingwe cha makilomita 12 n'chachiyani pamene amfumu analamula kuti mbuzi izidya pakhomo? Ndiponso batire ya droniyo pa pepala amati mphindi 34, kukakhala mphepo sizifika n'komwe. Njala ikaipweteka, kapena ikasiya kumva rimoti, imatembenuka yokha n'kubwerera pamene inanyamukira, osaiitana. Zanu zija zikanakhala ndi nzeru zoterozo, mlandu wa chimanga cha aneba uja sukanafika pabwalo.

Kunena mwachilungamo, ntchito yapepuka. Kale tinkataya nthawi ndi kuchotsa foni m'chikopa chake, kufunafuna kawaya m'chikwama, kudikira kuti foni izizire pamthunzi. Pano timafika, kuyatsa, kuuluka. Dzuwa lili paliwombo bwana amaona waya uliwonse pa sikirini ine ndisanakuwe, zomwe zikundidetsa nkhawa pang'ono, chifukwa kukuwako ndiye ntchito yanga. Mayi wina wogulitsa nyumba ataona chithunzi pa TV ya pabalaza anaomba m'manja, n'kutipatsanso nyumba zina zoti tijambule. Kwa munthu amene droni ndi khasu lake, kukhala ndi sikirini payokha n'kwanzeru. Koma zambiri mwa zimenezi chingwe chapakati chija, chongowonjezera $150 pa mtengo wa luzi, chikanachita. Ndipo wongoulutsa Loweruka kuti ana aseke, luzi likumukwanira. Ndinamuuza bwana m'galimoto kuti za mafoni obwera mwadzidzidzizo mankhwala ake ndi aulere, kungodina kachizindikiro kandege kaja pa foni kuti isalandire kanthu. Anaseka n'kunena kuti ndikanakhala nduna ya zachuma.

Ndunayo inawerengera usiku womwe uja. Malipiro otsikitsitsa amene boma la kuno linakhazikitsa mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo anga sali kutali ndi pamenepo. R20,000 ndi maola pafupifupi 700. Miyezi inayi kutsala pang'ono, osadya, osalipira lendi, osakwera takisi.

Alamu, foni ija.

Bwana anaiponya m'chikwama titamaliza, ine n'kuiwala chifukwa cha phokoso la ku shopu. Ndinaiona dzuwa litalowa, n'kupeza kuti munkandiimbira muli panjinga ndi mwana wanga, thupi likuotcha, mayi ake akuthamanga pambuyo chitenje chili m'manja. Munkafuna ya galimoto basi. Ine nthawi imeneyo ndinali kuseka nkhope yanu pa sikirini, kenako kuonerera munthu akutaya malipiro anga a miyezi inayi chifukwa choti inu munamusokoneza kwa mphindi imodzi. Ndikudziwa kuti malungo aja anatha, mwana wayambanso kusukulu. Munandiuza kuti ndisadandaule. Koma sindinakuthokozeni bwino, pa foni mawu anandithawa. Mwanayo ndinamusiya akukwawa. Pano mayi ake akamupatsa foni amati, lankhula ndi ababa, iye amangoti "bho" n'kuthawira kukasewera. Wopalasa naye njinga tsiku lija ndinu. Akadzakula adzakumbukira msana wa amalume ake, ine adzandikumbukira ndi nsapato zosamukwana zomwe ndimatumiza pa transipota.

Ndamvanso kuchokera kwa mlongo wanu, ngakhale anandiletsa kukuuzani, kuti ndalama ya galimoto ndi mankhwala munachita kukongola, ndipo mukuganiza zogulitsa mbuzi yaikazi ija, yabere. Musagulitse. Ogula akadziwa kuti munthu wapanikizika amatchula mtengo wachipongwe, ndipo mbuzi imeneyo ikaswa ndiyo fizi ya chaka chamawa. Ndatumiza R1,500 pa Mukuru, uthenga ufika pa foni ya mlongo wanu. Mubweze ngongoleyo kaye, yotsalayo muyambe kusunga ya feteleza. Ndikudziwa kuti siifika patali. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ndikatumiza imamveka yambiri pa foni koma m'sitolo imasungunuka. Ina nditumiza kumapeto kwa mwezi, bwana walonjeza kandalama kapadera pa ukwati womwe tikajambule Loweruka likubwerali, ngati mvula siigwa. Za Disembala musawalonjeze kanthu ana. Ndikabwera ndiye kuti feteleza wachiwiri palibe, ndipo sindinasankhe.

Foni yanga pano ndi yanga ndekha, sikweranso pa rimoti ya munthu. Imbani nthawi iliyonse, ngakhale pakati pa usiku. Mukaona kuti sindikuyankha, imbaninso, ndipo muzilemba kauthenga konena chimene chachitika, ngakhale mawu awiri okha. Komanso chithunzi chija sinthani, bwana amandifunsabe kuti bambo wa tayi uja ali bwanji.

Mupereke moni kwa apongozi, muwauze kuti mafuta opaka m'mawondo aja ndawapeza, abwera ndi katundu wa mwezi uno pamodzi ndi yunifolomu.

Ndine mlamu wanu,
ku Joni