Ndinagwirira Ntchito Rakele, Ndinadzuka ndi Leya

Ine wanu, amene anthu a kudera kwathu amandidziwa ngati munthu wofatsa, wosaputa mnzake ndi wosathamangira za eni, ndiyenera kuulula lero pamaso pa awerengi kuti kwa zaka 29 ndinakhala ndikusenza nkhawa ya munthu amene sanabadwepo, amene sanalawepo nsima, ndipo amene, akanakhala wamoyo, sakanandipatsa ngakhale moni pamsewu. Munthuyo ndi Mitch McDeere, loya wachinyamata wa m'buku la John Grisham lotchedwa The Firm, limene linatuluka mu 1991, koma linafika kwa ine mu 1994 litayenda kale m'manja ambiri ngati ndalama yachitsulo, chikuto chitathothoka, likununkha utsi wa kukhitchini ya munthu wina, pamene ndinalitola pa mulu wa mabuku a kaunjika litapanikizika pakati pa buku la James Hadley Chase ndi lina lophunzitsa kuweta akalulu.

Kwa inu amene simunaliwerenge, nkhani yake ndi iyi. Mnyamatayo, mwana wa amphawi, atatsiriza maphunziro a zamalamulo ku Harvard, anakopedwa ndi kampani yaing'ono ya maloya ya ku Memphis, ya Bendini, Lambert & Locke, imene inamuyalira malipiro a madola 80,000 pachaka, galimoto ya BMW ndi ngongole yosapweteka yogulira nyumba; ndipo iye, posakumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, analowa ndi miyendo yonse iwiri, nazindikira mochedwa kuti eni ake enieni a kampaniyo anali a banja la Morolto, akuluakulu a Mafia a ku Chicago, kuti ntchito yake inali kuyeretsa ndalama zakuba, ndi kuti loya wofuna kusiya ntchito pamenepo ankatsanzikidwa ndi nkhata za maluwa. M'nyumba mwake, m'galimoto ndi m'telefoni anamutchera tizida tomvetsera, uku apolisi a FBI akumukoka malaya kuti awululire anzake. Ife amene tinakula masiku amene munthu ankayamba wacheuka asanatchule mawu akuti boma, mantha oterewa sitinafune wotimasulira.

Ndinaliwerenga usiku utatu pa koloboyi, kufikira nsidze za kumanzere zinawauka. Chimene chinandigwira mtima koposa n'chakuti chida chachikulu cha m'bukulo sichinali mfuti ayi, koma makina a fotokope, pakuti mkazi wa Mitch, Abby, ndi mayi wina wochenjera dzina lake Tammy anachezera usiku wonse ku zilumba za Cayman akukopa mafayilo a kampaniyo. Ndipo ine, amene pa nthawiyo ndinali kalaliki wamng'ono pa ofesi ina, wotumidwa ku makina omwewo kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndinaona kuti ntchito yanga yonyozeka yakwezedwa pamaso pa mitundu yonse. Ndinayamba kuyenda mocheuka. Ndinakwawa pansi pa desiki kufunafuna tizida tomvetsera, koma ndinangopeza chingamu chouma chimene kalaliki wakale anamatapo. Mtsikana amene ndinkamufunsira masiku amenewo, amene lero ndi mayi a kunyumba, ndinkamutengera kuseri kwa nkhokwe, wailesi nditaikweza, n'kumamunong'oneza nkhani za mtengo wa sopo; iye, poona chinsinsi chonsecho, anaganiza kuti ndachimwitsa mwana wa eni kwinakwake.

Bukulo linatha Mitch akuthawa pa bwato pamodzi ndi Abby ndi mkulu wake Ray, atakokolola madola 10 miliyoni a zigawengazo. Pamenepo ndipo panayambira mavuto anga, pakuti ife tinaleredwa ndi mawu akuti mlandu suola, ndipo sindinakhulupirire kuti anthu opha mnzawo chifukwa chongofuna kusiya ntchito angaiwale munthu amene wawabera chuma chotere. Kanema wake wa 1993, wa Tom Cruise, amene ndinaonera m'kanyumba ka vidiyo titathinana ngati matemba, anasintha mathero, koma sananditonthoze. A Grisham anapitiriza kubala mabuku pafupifupi chaka ndi chaka, ndipo ine chaka ndi chaka ndinkasanthula milu ya kaunjika kufuna mbiri ya mnyamata wanga, osaipeza. Ndinakwatira, ndinabereka, ndinakwatitsa, tsitsi linasamuka pamutu, mano awiri anatsogola kumanda, koma ndinasunga khosi podikira mkanda woyera.

Ndipo kunali, mu Okutobala 2023, kuti mphwanga wa ku Johannesburg, mwana wa mlongo wanga, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp ndi mawu akuti, "Amalume, munthu wanu uja wabweranso." Linali buku lotchedwa The Exchange, lotuluka patapita zaka 32 chitulukire loyamba lija. Ndinavina pakhonde osavala nsapato. Madzulo omwewo ndinakalengeza pabwalo la bawo kuti buku loposa mabuku onse lili m'njira, ndipo ndinalongosola mutu ndi mutu zimene zidzachitikemo, ndisanalione n'komwe: momwe a Morolto adzamupezere, momwe adzathawire padenga, momwe makina a fotokope adzamupulumutsirenso. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Bukulo linafika pa basi ya ku Joni, m'chikwama chachikulu, pakati pa bulangete ndi chigubu cha mafuta ophikira. Ndipo tsiku loliyamba ndinasamba, ndinavala jekete, ndinapukuta magalasi, n'kulamula kuti mlendo aliyense, ngakhale abusa, auzidwe kuti ndapita kumudzi.

Poyamba zinthu zinaoneka ngati zikuyenda. Chaka ndi 2005, Mitch ndi bwana pa kampani yaikulu ya maloya ya Scully & Pershing ku New York, Abby akukonza mabuku a kaphikidwe, ali ndi ana amapasa, ndipo taonani, akumutuma ku Memphis komwe kuja kukathandiza munthu woweruzidwa kuti aphedwe. Mtima wanga unagunda ngati mtondo. Ndinati, lero ndi lero, nkhanga zaona mapira. Koma atafika anapeza mkaidiyo atafa kale, anakacheza ndi mnzake wakale Lamar Quin, amene anakhalako kundende chifukwa cha iye, anakambirana zakale mopanda chimwemwe, ndipo anakwera ndege n'kubwerera kwawo, wopanda womuthamangitsa, ngakhale galu. Ndinatembenuza bukulo n'kuligwedeza, kuti mwina masamba ena agwera m'chigubu cha mafuta.

Kuchoka apo nkhani inasamukira ku Rome, kenaka ku Libya, kumene kampani ya ku Turkey inamangira Gaddafi mlatho waukulu pakati pa chipululu, pamalo popanda madzi, boma n'kukana kulipira. Apa ndinaseka pang'ono, pakuti ife tinazolowera mitsinje yopanda milatho, ndipo sindinadziwe kuti kunja kuno kuli anthu odwala nthenda yomweyo chozondoka. Linafika tsiku loti Mitch apite kukaona mlathowo pamodzi ndi loya mnzake Giovanna, mwana wa bwenzi lake Luca Sandroni, tsiku limene zigawenga zinabisalira pamsewu, kupha alonda ndi kumugwira mayiyo. Ndipo pa ola limenelo, limene ndinalidikira kuyambira ndili ndi tsitsi, ngwazi yanga, munthu amene anapusitsa Mafia ndi FBI pa nthawi imodzi, anali chigonere m'chipatala atatsegula m'mimba chifukwa cha chakudya cha dzulo lake. Indetu ndinena kwa inu, ndinavula magalasi, ndinayang'ana kudenga nthawi yaitali, ndipo mayi a kunyumba, pondiona chotero, anafunsa ngati kwabwera uthenga wa maliro.

Zigawengazo zinafuna dipo la madola 100 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo bukulo linasanduka chinthu chimene ndimachidziwa bwino kuposa munthu wina aliyense m'dziko muno, pakuti ndakhala msungichuma wa komiti ya denga la tchalitchi chathu kwa zaka zisanu ndi ziwiri, dengalo likudonthabe. Ndinawazindikira onse. Mabwana a kampani, amene pamsonkhano amagwedeza mitu mwachisoni koma pofika posayina ngongole manja amachita dzanzi, ndiwo akulu ampingo athu aja olonjeza malata khumi pa Sabata n'kuzimitsa foni Lolemba. A inshulansi, amene anapeza kamawu m'pangano kowamasula, ndiye mkulu uja amati chopereka chake anapereka kale mumtima. Maboma, amene amathandiza mobisa kuti asaoneke akuthandiza, ndiwo alamu anga. Mitch akwera ndege kupita ku London, achita msonkhano, adya. Akwera ina kupita ku Rome, achita msonkhano, adya, amwa vinyo. Aimba foni, adikira foni, adyanso. Munthu amene ndinamusiya akuthawa imfa pa bwato ndinamupeza akuyenda ndi mbale ya chopereka, kusiyana kwake ndi ine kuli kwakuti iye amayenda pa ndege ndipo ine pa kabaza.

A Morolto sanabwere. Ndinawadikira pa tsamba lililonse monga mlimi adikira mvula ya chizimalupsa, ndinawasiyira khomo lotsegula kufikira tsamba lomaliza, koma zikuoneka kuti ku Chicago mlandu umaola ndithu. Yakobo anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri zokha asanapusitsidwe, ndipo iye anali ndi Labani woti amufunse m'mawa mwake. Ine ndinagwira 29, ndipo wondipusitsa ndinali ine ndemwe, pakuti palibe tsiku limene a Grisham anandilonjeza kanthu.

Usiku umenewo ndinadandaulira mayi a kunyumba kuti mlembiyo, amene anali ndi zaka 36 potulutsa loyamba ndi 68 potulutsa lachiwiri, wamukalambitsa mnyamata wanga, wamusandutsa munthu wa misonkhano, wodwaladwala m'mimba, woganiza za chakudya kosalekeza. Iwo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, osadzutsa mutu, nati, "Nanga inu abambo, muja munkalumpha mpanda wa bambo anga usiku, agalu ali pambuyo, lero mumathamangira kuti kupatula kuchimbudzi?" Ndinafuna kuyankha, koma msana unandigwira podzuka, ndipo ndinaona kuti n'kwanzeru kukhala chete.

Ku bawo sindinaulule. Munthu amene walalikira mvula sabwera ndi mbiri ya chilala, choncho ndinawauza kuti bukulo ndi lakuya, lofuna munthu wokhwima maganizo. Mnzanga wina, mphunzitsi wopuma, analibwereka, nalibweza patapita sabata zitatu akuti ndi lakuya zedi. Koma kachitsotso ka machesi kamene anaikamo kokumbutsa pamene analekezera ndinakapeza pa tsamba 60. Tinayang'anana, tinagwedezerana mitu mwaulemu, n'kupitiriza kutakata. Mphwanga naye ndinamulembera kuti Mulungu amudalitse, sindinawerengepo buku lotere, ndipo m'mawu amenewo munalibe bodza.

Cholakwa changa chachikulu chinali chimodzi. Pofuna kuonetsa mayi a kunyumba kuti Mitch sanatheretu, ndinawafotokozera kuti kumapeto, dipo litaperewera, iye anatulutsa ndalama zija anabisa kunja kwa zaka 15 n'kuziponya m'mbale, ndipo ndinawonjezera, mwa kunyada kwa chitsiru, kuti mwamuna weniweni sasowa kachilumba kake ka Cayman. Iwo sananene kanthu. Anaika lichero pansi, anapukuta manja pachitenje, analowa kuchipinda, ndipo ndinamva sutikesi yakale ikukokedwa pansi pa bedi, mmene ndimasungamo The Firm yanga yopanda chikuto, imene kwa zaka zonsezi ndinkakhulupirira kuti palibe wina m'nyumba muno angaitsegule. Anatuluka atagwira bukulo kumsana ngati nkhuku yokazinga, naligwedeza kamodzi, ndipo ma K5,000 asanu ndi atatu anagwa pasimenti mmodzimmodzi.

"Awa ndi a denga," anatero, akuwamanga pa mfundo ya chitenje. "Ndikaperekera ndekha pa Sabata, ndipo msungichuma alembe risiti."