Matewe a Mkango

Anthu a m'dera lathu agamula kuti galu amatengera mwini wake. Umboni wawo ndi Mkango, kagalu kanga ka miyezi isanu, kamene mwendo wake wakutsogolo wakhota. Ine matewe ndinabadwa nawo. Iye ake anawapeza kusukulu, ndipo hedimasitala ndinali ine.

Nditaona pa TV agalu a polisi akulumpha mipanda, ndinkamukweza pamulu wa njerwa, nkhoko ili m'manja, n'kumakuwa kuti "Lumpha!" Tsiku lina anatera moipa, anatsimphina pang'ono, n'kuiwala. Patapita masabata angapo, phazi linayamba kuloza kwa aneba, iwo n'kumati alipo wamupondetsa mankhwala.

Dokotala wa ziweto sanaseke n'komwe. "Bambo, kumapeto kwa mafupa a kagalu kuli kachigawo kanthete, pomwe fupa limakulira. Kamalimba galu akamayandikira chaka, agalu akuluakulu mpaka miyezi 18. Nthawiyo isanakwane, musamamusandutse msilikali."

Anapitiriza kuti pansi pa chigongono pali mafupa awiri oyandikana, radius ndi ulna. Ulna imapeza pafupifupi 85 peresenti ya kutalika kwake pa kachigawo kamodzi ka m'munsi, kosongoka, kosachedwa kutswanyika. Kakatswanyika, ulna imasiya kukula koma radius ikukulabe, ndiye imapindika ngati uta wokungidwa ndi chingwe chachifupi.

Kuvulala kotereku akuti madokotala awiri a ku Canada, Salter ndi Harris, anakugawa m'mitundu isanu mu 1963, pofufuza mafupa a ana a anthu. Kwa Mkango n'kwa mtundu wachisanu, komwe poyamba ngakhale X-ray sikuona. Kunena zoona, kamtima kananyada: chibadwire sindinafikepo pa giredi yomaliza pa chilichonse.

Mankhwala ake ndi opaleshoni, kudula kachidutswa ka ulna kuti radius ikule momasuka, galu akadali wamng'ono. Adokotala atatchula mtengo, miyendo yanga inawongoka koyamba m'moyo. Kuti ndilipire, njinga yanga inapita.

Pano Mkango ndi woletsedwa kuthamanga kapena kulumpha. Amagona pamkeka pabalaza, atafunda chitenje cha akazi anga. Popeza ndinamugulira kuti azilondera nkhuku, ntchitoyo yagwera ine. Usiku ndimazungulira khola ndi tochi, ndipo ndikamva tswa kumpanda ndimauwa. Akazi anga akuti mawu alipo, koma ndikufulumira kuthawa.