Mwambo wa Kulandira Bwana wa Chithandizo ku Lodwar

Aliyense wofuna kudziwa m'mene mlendo wolemekezeka alandiridwira, makamaka mlendo wonyamula chikwama cha mapepala ndi mtima wofuna kuthandiza, ayenera kupita ku Lodwar, mzinda wa Aturkana umene uli kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Kenya, m'mbali mwa mtsinje wa Turkwel, kumene mvula ya chaka chathunthu ingofika mamilimita pafupifupi 200, ndi kumene dzuwa lilamulira lokha popanda nduna kapena aphungu. Atsamunda anaudziwa bwino ukali wa malowo, pakuti pamene anafuna kuti Jomo Kenyatta aiwalike, anamsunga komweko kuyambira 1959 kufikira 1961, poyesa kuti kutalika kwa njira ndi kutentha zidzagwira ntchito ya linga ndi unyolo. Koma taonani kusinthika kwa zinthu: kumene kale munthu ankapita ataweruzidwa, lero anthu ophunzira apitako mwaufulu, pa ndege, nalandiranso ndalama za ulendo.

Makolo anati chakudza sichiimba ng'oma, koma iwo sanaione galimoto yoyera ya Land Cruiser, ya mlongoti wautali wogwedera patsogolo, imene ikangoima pa bwalo la ndege mzinda wonse udziwa kuti kukudza bwana. Iye asanatsike n'komwe, atavala chipewa chotambalala ndi malaya a matumba ochuluka monga wopita kunkhondo, amayi ogulitsa madengu a mlaza akhala atakweza kale mtengo, anyamata a njinga zamoto apukuta fumbi pa zishalo, ndipo mwini nyumba ya alendo watumiza mwana kukagula mafuta a jenereta. Zonsezi zichitika mwakachetechete ndi mwaulemu, pakuti anthu a ku Lodwar akhala akulandira alendo otere kwa zaka zambiri, ndipo mwambowo auloweza koposa m'mene mlendoyo walowezera dzina la mzinda wawo.

Pa pepala la bwana panalembedwa kuti msonkhano ndi akuluakulu udzayamba pa 9 koloko m'mawa, nudzatha pa 10 koloko. Koma pepalalo linalembedwa ku Nairobi, m'chipinda chozizira, popanda kufunsa mbuzi zimene ziyenera kuyamba zamwetsedwa. Chomwecho akuluakulu anafika mmodzimmodzi pansi pa mtengo wa mthethe, aliyense atanyamula ndodo ndi ekicholong, kampando kamene kakhala mpando masana ndi mtsamiro usiku, ndipo amayi a mikanda younjikana m'khosi anakhala chapambali. Kunayamba pemphero, kunatsata malonje, nafunsana za ngamira, za msipu, za mitambo imene inaoneka dzana koma yosagwetsa kanthu. Ndipo bwana, amene anayang'ana wotchi yake kawirikawiri, anaimirira kuti alankhule pamene mthunzi unali utathawira kale kutsinde kwa mtengo.

Pano tiyenera kutchula womasulira, mnyamata wa sukulu wa nzeru zakuya, amene udindo wake weniweni ndiwo kusunga mtendere pakati pa anthu awiri osamvana. Pamene bwana ananena mawu ataliatali onena za kulimbikitsa anthu kuti adziimire paokha, mnyamatayo anauza akuluakulu kuti, “Akuti chimanga sanabwere nacho.” Ndipo pamene nkhalamba ina ya nthenga ya nthiwatiwa kumutu inayankha kwa nthawi yaitali, ikuloza kumwamba, pansi, ndi pa galimoto, kotero kuti amayi anaseka nabisa nkhope, mnyamatayo anatembenuka nanena modzichepetsa kuti, “Bwana, agogo akuti mwalandiridwa.”

Tsono inafika nthawi ya mafunso, ndipo bwana asanatsegule bwino pepala lake, nkhalamba ija inayamba kuyankha mwa dongosolo lake: kuti chitsime chili kutali, kuti mjigo unafa, kuti chipatala ndi ulendo wa tsiku, kuti ana adya kamodzi. Itafika pamenepo inaima, niti, “Mwana wanga, funso lotsatira ndi la zimbudzi, kodi tiliyankhe tsopano kapena tiyambe tapuma?” Koma pamene bwana anafunsa kuti aliyense ali ndi ziweto zingati, kunagwa chete wamkulu, pakuti munthu woleredwa bwino safunsa mnzake zotero pa gulu, ndiponso yankho lake lidalira ngati wofunsayo wadzera msonkho kapena chithandizo. Atamyang'ana bwino nsapato ndi botolo la madzi, akuluakulu anagwirizana kuti ziweto zonse zinatha ndi chilala, ngakhale kuti mabelu a ngamira ankamveka ndithu kuseri kwa chitunda.

Asayese wina kuti kuchenjera kumeneku n'kusayamika, chifukwa anthu awa ali ndi chikumbukiro chachitali. Nkhalambayo inakumbutsa bwana, ndi mawu ofatsa, za fakitale ya nsomba imene anthu a ku Norway anamanga ku Kalokol, m'mbali mwa nyanja ya Turkana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ya mafiriji akuluakulu ofuna magetsi oposa amene dera lonselo linali nawo, pakati pa abusa amene ankayesa usodzi ntchito ya munthu wotaya ziweto. Ndipo fakitaleyo inatsekedwa isanagwire ntchito yooneka. Nkhalambayo inalozanso mitengo ya minga yotchedwa mathenge, imene inadzalidwa ndi anthu ofuna zabwino kuti chipululu chibiriwire, n'kumera mpaka kutseka msipu ndi njira za kumadzi. Inatchulanso madzi ambirimbiri amene analengezedwa mu 2013 kuti apezeka pansi pa nthaka ku Lotikipi, amene pambuyo pake anapezeka kuti ndi amchere. “Onsewo anali ana abwino ngati iwe,” inatero, “ndipo onse tinawaphera mbuzi.”

Bwana anafuna kuyankha, koma dzuwa linali litafika paliwombo, madzi a m'botolo anali atafunda ngati tiyi, ndipo mawondo ake anakana kumsenza. Pamenepo mayi wina, amene pa pepala analembedwa m'gulu la anthu osatha kudzithandiza, anamgwira padzanja namkhazika pamthunzi, namwetsa mkaka wa ngamira, namkupiza ndi mapepala a mafunso aja, amene tsiku limenelo anagwira ntchito yawo yoyamba yothandiza munthu. Palibe amene anaseka, pakuti kwa Aturkana kugonja kwa mlendo pamaso pa dzuwa si chinthu chachilendo. Anangomuuza kuti munthu wanzeru agona masana nayenda madzulo, ndi kuti safunsa anadya phula.

Atatsitsimuka, kunatsala miyambo iwiri yosaphonyeka. Woyamba ndiwo kulemba maina a olandira alawansi ya msonkhano, ndipo pano panachitika chozizwitsa chofanana ndi zija za m'Malembo, pakuti anthu amene anakwana pansi pa mtengo umodzi anadzaza masamba atatu ndi zidindo za zala. Wachiwiri ndiwo chithunzi, chimene amayi anafunsa mwaulemu ngati bwana achifuna cha nkhope zachisoni kapena zachimwemwe, popeza zachisoni zifunika ntchito isanayambe, ndi zachimwemwe itatha. Ndipo pofuna kumpeputsira ulendo wachiwiri, anamjambulitsa zonse ziwiri.

Mlendo ndi mame, ndipo m'mawa mwake ndege inamnyamula. Akuluakulu atakhala pansi kuti amuweruze, anapeza kuti anali mwana wa makhalidwe, chifukwa anamwa mkaka osayamba wapukuta mkombero wa chikho. Patapita miyezi kunafika kalata yoitana atatu a iwo ku maphunziro a masiku asanu, ku hotela ina ya ku Nairobi, kuti akaphunzitsidwe m'mene munthu angakhalire m'dziko louma. Nkhalamba ya nthenga ija inavomera msanga, niti mutu wa maphunzirowo suivuta kwenikweni, koma inamva kuti pa hotelapo pali dziwe lalikulu la madzi oyera limene palibe munthu kapena mbuzi imwamo, ndipo chinthu chotero munthu ayenera kuchiona ndi maso ake asanafe.