Mmene mungagwetsere pulogalamu ya Java ndi HashMap

Yambani ndi kukhulupirira kuti HashMap sidzaza. Lembani new HashMap<>() basi, kenako thiranimo deta ya makasitomala mamiliyoni. Iyamba ndi ma bucket 16, ndipo zinthu zikangopitirira magawo atatu mwa anayi a ma bucket, ipanga tebulo lina lowirikiza kawiri n'kusamutsa zonse. Posamutsapo matebulo awiriwo amakhala mu memory nthawi imodzi.

Ngati mukufuna kuipatsiratu kukula, lembani chiwerengero chenicheni cha zinthu zanu. Muli nazo 1,000? Lembani new HashMap<>(1000). Java ikonza ma bucket 1,024, koma chinthu cha 769 chikalowa, tebulo likulabe. Java 19 inabweretsa HashMap.newHashMap() yomwe imakuwerengerani zimenezi. Musaigwiritse ntchito.

Mnzanu akakuchenjezani, muuzeni kuti HashMap imatha kufika ma bucket 1,073,741,824, ndiye malo alipo ambiri. Nambalayo ndi yoona, ndipo apa ndi pamene opanga mapulogalamu ambiri, ngakhale odziwa ntchito, amapunthwa. Musawerengere memory. Chinthu chilichonse chimakhala mu Node yakeyake ya ma byte pafupifupi 32, osawerengera kiyi ndi deta yake. Zinthu 100 miliyoni ndiye kuti ma gigabyte oposa 3 atha pa ma Node okha. Musakhudzenso -Xmx, kuti JVM ingotenga gawo limodzi mwa anayi la memory ya kompyuta, ma gigabyte 2 pa laputopu ya 8. OutOfMemoryError ikupezani musanafike ndi pa theka la ulendo. Chimene chimandipweteka n'chakuti poyesa ndi deta yochepa zonse zimayenda bwino. Pulogalamu imadzagwa anthu atayamba kale kuidalira, mwina tsiku la malipiro.

Amene muli ndi seva ya memory yochuluka, pitirizani kuthira. Tebulo likafika pamalire silikulanso, zinthu zimangounjikana m'ma bucket omwewo. Dalirani size(), yomwe ndi int: ikadutsa 2,147,483,647, chiwerengero chimatembenuka n'kukhala chochepera pa ziro.

Koma njira yachangu siifuna mamiliyoni. Lembani hashCode() yobweza 1 pa kiyi iliyonse, zonse zilowe mu bucket imodzi. Kuyambira Java 8 ya 2014, bucket ikapitirira zinthu 8 pa tebulo la ma bucket 64 kapena kuposa, imasandutsidwa tree kuti kufufuza kusachedwe. Onetsetsani kuti makiyi anu si Comparable. Apo tree isowa poyezera makiyi, ndipo get() imodzi itha kuyendera pafupifupi chilichonse chomwe munaikamo.