Kuthamanga sikufika, kakutero kabokosi

Agogo anga aakazi anali ndi mwambi umodzi wochizira matenda onse. Ukataya phala pothamangira kusukulu, ukapunthwa pochokera kudambo, ukameza mbatata yamoto misozi n'kulengeza, iwo osadzutsa n'komwe mutu: "Kuthamanga sikufika, mdzukulu wanga." Nditabwera m'tauni ndinkayesa kuti mwambiwo ndausiya kumudzi. Sindinkadziwa kuti azungu anautsekera m'kabokosi kalekale n'kuutcha metronomu.

Nkhani inayamba Lachisanu lina titamaliza pulakatisi ya kwaya, komwe ine ndimaimba gitala. Mkulu wa kwaya anandikokera pambali. "Achimwene, zala zanu zilibe vuto. Koma mukumatithawa ngati minibasi yoti yaona apolisi apamsewu." Zinandiwawa. Ine wokulira pabwalo la gule, woti ng'oma ndinayamba kuimva ndili kumsana? Iwo sanalimbane nane. Anatenga foni yanga, kuikamo kapulogalamu ka metronomu, n'kunena kuti ndikacheze nako kunyumba.

Ntchito ya metronomu ndi imodzi basi: kugunda mosasinthasintha. Ukaitchera pa 60 imagunda ka 60 pa mphindi imodzi, kutanthauza kamodzi pa sekondi iliyonse. Ukaitchera pa 120 imagunda kawiri pa sekondi. Ilibe nyimbo yapamtima, sitengeka ndi nthungululu, ndipo siidziwa kuti ndiwe mwana wa ndani.

Usiku umenewo ndinaika foni pampando, kutchera pa 80, n'kuyamba. Vesi yoyamba tinayenda limodzi ngati anthu apachibale. Tikufika pa kolasi yomwe ndimaikonda, foni inayamba kutsalira. Ndinaimvera chisoni, ndinati mwina batire lafooka. Ndinaitchaja mpaka kudzaza, koma inatsalira pomwe paja. Ndili mkati moganiza zokaionetsa kwa okonza mafoni, mayi a kunyumba anayankhira kukhitchini: "Bambo, foniyo ili bwinobwino. Ine ndikusinja tomato motsatira iyoyo, ndipo sitinasemphanepo."

Manyazi anandituma kukafufuza mbiri ya mdani wangayu. Metronomu yakale ndi kabokosi kosongoka kumutu, kokhala ndi kandodo kachitsulo kopita uku ndi uku. Pakandodopo pali kachitsulo kolemera: ukakakweza m'mwamba kugunda kumachedwa, ukakatsitsa kumafulumira, kuyambira pa 40 mpaka 208. Anatulukira nzeruyi ndi Dietrich Winkel wa ku Amsterdam mu 1814. Koma Johann Maelzel ataiona, anawonjezapo manambala n'kuthamangira kukailembetsa m'dzina lake mu 1815. Mpaka lero pa mapepala a nyimbo pamalembedwa M.M., ndipo M mmodziyo ndi wa Maelzel. Apa mwambi wa agogo unapunthwa ndithu, chifukwa wothamanga ndiye anafika, wodekha n'kutsala akukanda mutu.

Chinanditonthoza ndi katswiri wopeka nyimbo uja, Beethoven. Mu 1817 anatulutsa manambala a metronomu a nyimbo zake zikuluzikulu, ndipo ena mwa manambalawo ndi othamanga moti akatswiri akhala akukangana mpaka pano, ena n'kumati kabokosi kake kanali kowonongeka. Ndiye kuti mlandu womwe ndinaimba foni yanga wakhala uli m'khoti zaka zoposa 200.

Ndinagonja n'kuyamba kumvera. Ndinatsitsa mpaka 60, liwiro la munthu woperekeza mlendo amene sakufuna kuti apite. Ndikaimba mzere katatu osalakwitsa, ndinkawonjezera 4. Ndikalakwitsa, ndinkabwerera. Apa m'pomwe kabokosika kanandiulula. Ndimathamanga malo awiri: pomwe ndikudziwa kwambiri, chifukwa ndikufuna anthu aone, ndi pomwe sindikudziwa, chifukwa ndikufuna anthu asaone. Kwachiwiriku ndi kuyenda kwa munthu wodutsa pa golosale pomwe ali ndi ngongole: mutu pansi, miyendo pamoto, akuyesa kuti akafulumira mwini wake samuzindikira. Pa 60 palibe kothawira. Chala chilichonse chimaima pa kauntala n'kulipira.

Patatha milungu itatu ndinasanduka munthu wina. Ndinkatsuka mano pa 100, kuyenda pa 110, ndipo wolalikira akapitirira nthawi ndinkamuwerengera chamumtima. Lamulungu litakwana ndinakwera kutsogolo ndi mtima umodzi: lero 80, zivute zitani.

Tinayamba bwino. Koma pofika vesi yachiwiri woimba ng'oma anatenthedwa, visekese zinamutsatira, amayi kumbuyo anaimirira ndi nthungululu, ndipo tchalitchi chonse chinanyamuka ngati basi yotsika Zalewa mabuleki atatha. Ine ndinakakamira pa 80 wanga ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Anthu anamaliza nyimbo, kukhala pansi, ena mpaka kutsegula Baibulo. Ine ndinali ndikadali ndi mizere iwiri, ndipo ndinaiimba ndekha, molondola kwambiri, anthu onse akundiyang'ana.

Titatuluka mkulu wa kwaya anandikokeranso pambali pomwe paja. "Achimwene, kale munkatithawa, lero mwatiperekeza. Kabokosi kaja ndi kakunyumba, kuti mukafika kuno makutu akhale ndi mpata womvera anzanu. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."

Ndinafuna kuwauza kuti kuyamba tinayambira limodzi ndithu, vuto linali pomaliza. Koma ndinakumbukira agogo, ndinameza mawu, n'kuwerenga mpaka 4 chamumtima. Pofika pa 4 iwo anali atakwera kale njinga.